Mutu wa Mkazi Wanga m'Manja mwa Mbewe

Ku England ndinapita pa viza ya mkazi wanga. Iye anaitanidwa ngati nesi, ine m'pasipoti anandidinda kuti ndine wodalira iyeyo. Ku Blantyre ndinali mtolankhani, ndipo anthu akamuona Nambewe ankati, "Awo ndi akazi a uje aja olemba nkhani." Pa Chileka tsiku lonyamuka, ambiri mwa operekeza anabwerera ine. Titatera ku Heathrow wa imigireshoni analankhula ndi iye yekha. Ine anangondiyerekeza ndi chithunzi n'kundibwezera pasipoti.

Mwana wathu Takondwa tinamusiya ku Chilomoni ndi mng'ono wake wa Nambewe. Pangano linali lakuti tigwire ntchito zaka zochepa, timange nyumba, tibwerere mwanayo asanathe msinkhu. Pangano limenelo ine sindinaliiwale tsiku ndi limodzi lomwe.

Tinkakhala ku Barking, m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya munthu wa ku Nigeria wogulitsa nsomba zouma ndi makhadi oimbira foni kunja. Zovala zathu zonse zinkanunkha nsombazo. Ndinayamba ndi kukolopa maofesi, kenako kulongedza katundu ku Dagenham, mpaka ndinapeza ntchito ya upota pa chipatala chomwe Nambewe ankagwira. Pota amakankha odwala pa mabedi a mateyala: kuwatenga pa wodi kupita nawo ku sikani, kuwabweza, ndipo ena kuwatsitsira ku mochale. Tinali anthu a mitundu yonse, ndipo aliyense kwawo anali winawake. Mmodzi anali hedimasitala ku Ghana, wina anali wapolisi ku Philippines. Tinkadyera limodzi m'kachipinda ka pansi pafupi ndi mapaipi otentha, n'kumasekana za maudindo athu akalewo. Ndalama zinkapita kumudzi mwezi ndi mwezi, ndipo ankatitumizira zithunzi za khoma likukwera.

Nambewe anamuika pa wodi ya sitiroko. Ndinaphunzira za matendawa ndikukankha mabedi. Nthawi zambiri sitiroko imachitika magazi akaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo. Pali mankhwala a diripi osungunula magazi oundanawo, koma masiku amenewo ankaperekedwa pokhapokha wodwala akafika asanathe maola atatu, ndiponso sikani ikaonetsa kuti m'mutu simukutuluka magazi. Mankhwalawo ali ndi choopsa chake: ena akalandira, mtsempha umachucha mu ubongo momwemo, ndipo akhoza kufa.

Madokotala a pa wodiyo ankayesa njira ina pa odwala ochepa amene abale awo avomera. Diripi ikamalowa, ankagunditsa kachida konga chivindikiro cha botolo pa litsipa, pakati pa diso ndi khutu, pamene fupa la mutu ndi lopyapyala. Kachidako kamatumiza mafunde a mawu amene khutu silimva, ofanana ndi aja ounikira amayi oyembekezera. Ganizo linali lakuti mafundewo agwedeze magazi oundanawo kuti mankhwala alowe msanga. Funso lomwe aliyense anali nalo linali lakuti, kodi kugwedezako sikungachititse kuti ambiri achuche magazi m'mutu?

Katswiri wa makinawo anali Mbewe. Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Chinhoyi ku Zimbabwe. Agogo ake anachoka ku Dedza wapansi kukafuna ntchito ndipo sanabwerere. Chichewa chake chinali cha agogowo, chosakanikirana ndi Chishona, ndipo nthawi zina ankatulutsa mawu amene ine ndinawamva komaliza pa maliro a kumudzi. Anali wamtali, wodekha, wa malaya osita bwino, ndipo ankabwera ku ntchito pa galimoto yake kuchokera ku Ilford. Tsiku lomwe anaona dzina la Mbewe pa baji ya mkazi wanga anamufunsa kwawo. Atamva kuti ndi ku Dedza anati, "Ndiye kuti ndinu mlongo wanga." Kuyambira pamenepo iye anakhala achimwene, mkazi wanga achemwali, ine alamu. Palibe anandifunsa ngati ndikuvomera chilamu chimenecho.

Patafunika nesi woti aphunzire kugwira kachidako, Mbewe anasankha Nambewe. Kupeza mtsempha kupyola pa fupa si ntchito yapafupi, ndipo sangaphunzirire pa wodwala. Ankaphunzirana okhaokha pa nthawi ya nkhomaliro.

Masana ena ndikubweza bedi lopanda munthu ndinapeza chitseko cha chipinda cha makina chili chosatseka bwino. Mkazi wanga anali atagona chagada pa bedi la momwemo. Tsitsi lake, limene ine sindinkaloledwa kulikhudza akachokera kokaluka, analikankhira kumbuyo. Mbewe anakhala cha kumutu. Dzanja lamanzere anagwira nalo tsaya la mkazi wanga kuti mutu usagwedezeke, lamanja akuyendetsa kachida pa litsipa popakidwa mafuta oterera. Makina ankalira kuti fuu, fuu, fuu.

Anandiona ndi Mbewe. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Alamu, lowani mudzamve magazi a akazi anu. Mtsempha wabwino uwu."

Ndinalowa, ndinamvetsera. Ndinali nditakhala ndi mkazi ameneyu zaka zambiri, tinabereka mwana, koma magazi ake akuyenda m'mutu ndinali ndisanawamvepo. Amene anandichititsa kuwamva anali mwamuna wina, dzanja lili pa tsaya.

Madzulo ndinafunsa mwaulemu kuti zimenezi zimatenga nthawi yaitali bwanji.

"Zimatengera," anatero Nambewe. "Ndikamaliza ine, nawonso amagona, ine n'kuwagwira."

"Inunso mumagwira tsaya lawo?"

"Bambo a Takondwa, mutu umagwiridwa pati? Pa mwendo?"

M'mawa mwake ndinapita kwa Mbewe ndi nzeru yomwe ndinagona nayo. Ndinati ngati akufuna mutu wophunzirirapo, wanga ulipo, ndipo pa nkhomaliro sindichita kanthu. Anasangalala. Ndinagona pa bedi lija, mkazi wanga anandipaka mafuta ozizira n'kuyamba kufufuza. Makina anangoti zii. Anasuntha kachida kutsogolo, kumbuyo, kufupi ndi khutu. Mbewe analanda, anayesa kumanja, anayesa kumanzere. Palibe chinamveka.

"Alamu, inu mulibe zenera," anatero. Anafotokoza kuti malo opyapyala aja amawatcha zenera, ndipo anthu ena, makamaka ife akuda ndi amayi achikulire, fupa lawo ndi lochindikala moti mafunde sadutsa. "Lanuli ndiye ndi mtondo weniweni."

"Ine ndakhala ndikunena," anatero mkazi wanga akundipukuta ndi kapepala. "M'menemo simulowa kanthu."

Anaseka awiriwo. Tsiku lotsatira anabwerera ku mitu yawo.

Ndinayamba kupita ku laibulale ya ku Barking masiku anga opuma, kumene munthu amapatsidwa kompyuta kwa kanthawi. Ndinkafufuza chinthu chimodzi: umboni wakuti njirayi ndi yoopsa, kuti ntchitoyo itsekedwe mkazi wanga abwerere kosintha mabandeji. Choyamba chomwe ndinapeza sichinandithandize. Ofufuza ena motsogoleredwa ndi a ku America anaona mitsempha ikutseguka msanga ndi mafundewo, ndipo ochucha magazi sanaoneke kuti achuluka. Ndinapitiriza. Kenako ndinapeza chomwe ndinkafuna: ku Germany kafukufuku wina anaimitsidwa asanathe chifukwa odwala angapo anachucha magazi mu ubongo.

Ndinadikira kuti adye kaye, ndipo ndinamuuza monga nkhani wamba.

"Ndikudziwa," anatero osakweza mutu. "A ku Germany aja anagwiritsa makina ena, a mafunde otsika, olowa mwamphamvu mkati mwa ubongo. Athu ndi a sikani wamba."

"Wakuuzani ndani?"

"Achimwene."

Ndinabwerera ku laibulale kukatsimikiza, monga ndinaphunzitsidwira. Zinali zoona. Ndinatseka kompyuta nthawi yanga isanathe.

Cha nthawi yomweyo mng'ono wake wa Nambewe anaimba foni kuti Takondwa watha msinkhu. Omulangiza anali amayi a ku mpingo, mayi wake ali pa shifiti. Ndinati nyumba yafika pa denga, mwana wakula, pangano lakwana, tizipita. Nambewe anati tidikire pang'ono, ntchito yomwe wayamba ndi yosowa, anthu akumudalira. Ndinanena zimenezi mu sitima ya District, ndinanena pa tebulo, ndinanena tikuchokera ku tchalitchi. Yankho silinasinthe. Ndikafunsa kuti anthu omudalirawo ndi ati, ankadzuka n'kukatsuka mbale.

Kenako kunabwera wodwala uja. Anali mzungu wachikulire amene kale ankatsitsa katundu pa doko. Anagwa ali m'dimba la kuseri kwa nyumba yake, mkazi wake n'kuitana ambulansi msanga. Ndine ndinamukankha kupita ku sikani yoyamba. Munalibe magazi otuluka, choncho anamuika diripi. Chomangira kachida kumutu sichinamukhale bwino, ndiye kachida anakagwira ndi dzanja Nambewe, Mbewe ali pa makina. Ndinaima pa khomo kudikira ngati andifune. Poyamba makina ankangolira monong'ona. Patapita nthawi kulira kuja kunamveka bwino, ndipo bamboyo anagwedeza zala za dzanja lomwe linafa n'kutchula dzina la mkazi wake. Mayiyo anagwira pakamwa. Ndinaona Nambewe ndi Mbewe akuyang'anana, ndipo kuyang'anana kumeneko ndikukukumbukira bwino.

Sizinakhalitse. Bamboyo anadandaula mutu, anasanza, maso anayamba kulemera. Dokotala anatseka diripi, Nambewe anachotsa kachida, ine ndinakankha bedi ndikuthamanga. Pa chithunzi cha sikani magazi atsopano amaoneka oyera. Zimenezo ngakhale pota amadziwa. Panali chigamba choyera chachikulu mbali imodzi. Bamboyo anagona masiku ochepa osatsitsimuka, ndipo womutsitsira ku mochale anali mnzanga wa ku Ghana uja.

Tsiku lomwe chigambacho chinaoneka, shifiti itatha, ndinafunafuna mkazi wanga pa wodi osamupeza. Ndinamupeza pa masitepe a kuseri kumene apota amasutira fodya. Anakhala atazolikitsa mutu pa mawondo akulira. Mbewe anakhala sitepe ya m'munsi mwake. Sanali kumugwira, sanali kulankhula. Ndikanawapeza atakumbatirana ndikanadziwa chochita. Koma iwo anangokhala, ngati anthu amene safunikanso mawu, ndipo ine ndinaima pamwamba ndi jekete la mkazi wanga m'manja.

Titafika kunyumba ndinafunsa zomwe zinayenera kufunsidwa. Anagwira kachida nthawi yaitali bwanji? Makina anatcheredwa pa mphamvu yanji, ndipo anatchera ndani? Bamboyo anali ndi vuto la kuthamanga magazi?

Anandiyang'ana. "Bambo a Takondwa, mukulemba nkhani?"

Mafunso omwewo ndi amene akuluakulu a chipatala anamufunsa pambuyo pake, ndipo kwa iwo anayankha onse. Anapeza kuti makina anatcheredwa bwino ndipo palibe analakwitsa. Koma palibenso anatha kunena ngati magaziwo anatuluka chifukwa cha mankhwala okha, monga zimachitikira kwa ena, kapena ngati mafunde anathandizira. Madokotala anaimika kaye njirayo kuti aganizire.

Ndinauza Nambewe kuti tsopano palibe chotisunga.

"Ndikachoka pano aziti ndathawa," anatero.

"Ndani aziti mwathawa? Mzungu uja anaikidwa. Mukukanirira kuno chifukwa cha munthu wamoyo inu."

Sabata imeneyo anayamba kuphika zake zokha, ndipo m'chipinda chimodzi chija tinkapatukirana ngati alendo mu sitima.

Kwathu banja likafika pamenepa munthu amapita kwa ankhoswe. Athu anali ku Dedza ndi ku Zomba. Mu London munali a Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu, amene anayendetsa mabasi zaka zambiri n'kupuma, ndipo ankakhala ku Thamesmead. Ndinawoloka mtsinje pa pantoni ya ku Woolwich, ndinakwera basi, ndinawapeza akuthirira tomato pa khonde la fulati yawo. Anamvetsera zonse osandidula.

"Mlandu wa banja sitizenga ndi mbali imodzi," anatero. "Ine ndikhala nkhoswe yanu. Ya kuchikazi ndani?"

"Malume awo ali ku Dedza. Tikhoza kuwaimbira."

"Khadi ikatha mlandu uli pakati? Ayi. Muno mu London wa chiwongo chawo palibe?"

A Kachingwe anapitiriza kuthirira tomato wawo.

"Ndamva kuti kuchipatalako kuli a Mbewe."

"Bambo, amenewo ndi amene ndikuwadandaula."

"Atani?"

"Amagwira mutu wa mkazi wanga."

"Kuti? Ku hotela?"

"Ku ntchito."

Anaika pansi kachitini kothiririra. "Munthu akamati mlongo, mlongo, tiyeni timupatse mpando wa mlongo. Wofuna mkazi savomera kukhala nkhoswe yake, chifukwa akavomera wadzitsekera yekha pamaso pa anthu. Akakana, yankho lanu mwalipeza. Akavomera, mwalipezanso."

Ndinabwerera ndikupemphera kuti akane.

Anavomera. Lamulungu lotsatira tikuweruka ku mapemphero anafika ku Thamesmead atavala suti, ali ndi mkazi wake, mayi wa Chishona amene anangopereka moni n'kulowa kukhitchini. Anatiuza kuti anaimbira azakhali ake okalamba ku Zimbabwe kufunsa kuti nkhoswe imachita zotani, chifukwa anali asanaonepo. Azakhaliwo anatchula za nkhuku, ndiye anabwera nayo ya mu fuliji, youma gwa, m'pepala la mu shopu. A Kachingwe anailandira ndi manja awiri osaseka.

Anatikhazika moyang'anana. Ine ndinali ndi a Kachingwe, mkazi wanga pambali pa Mbewe. Ndinayamba ndine. Ndinafotokoza pangano la pa Chileka, denga, mwana, ndi kuphika kosiyana. Za tsaya sindinatchule, popeza mwini dzanja anali atakhala pa mpando woti andiweruze. Nambewe analankhula mwachidule. Anati bambo uja anatchula dzina la mkazi wake kachida kali m'manja mwake, ndipo sangakwere ndege asakudziwa ngati dzanja lakelo linamuthandiza kapena linamupha.

A Kachingwe anati, "A kuchikazi, tiuzeni."

Mbewe anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Achemwali, dzanja linali lanu, koma anatchera makina ndine, analamula mankhwala ndi dokotala. Ofunsa afunsa, mwayankha. Yankho lomwe mukudikira, ngakhale madokotala a mayiko ena akadalifunafuna, ndipo likhoza kutenga zaka. Agogo anga anasiya mkazi ndi mwana ku Dedza akuti akubwera akakolola kawiri. Anaikidwa kuseri kwa chigafa cha fodya cha mzungu, kwawo osamva n'komwe. Nawonso tsiku lililonse anali ndi chifukwa chabwino. Mwana watha msinkhu, mayi muli kuno. Simukuthawa. Pitani ndi amuna anu."

Nambewe anapukuta m'maso ndi nsonga ya chala.

"Chabwino, achimwene."

Basi. A Kachingwe anandigwira chanza n'kundiuza kuti mlandu ndawina. Nkhuku ija inaphikidwa, tinadya. Pobwerera pa pantoni mkazi wanga anandikoleka mkono kwa nthawi yoyamba pa masabata ambiri, ndipo ankalankhula za masutikesi ndi zoti timugulire Takondwa. Ine ndinkayang'ana madzi. Mawu amenewo ndinali nditawanena miyezi ndi miyezi, ndi mfundo zake zonse. Mbewe anawanena kamodzi.

Tinabwerera nyengo ya mvula isanayambe. Nyumba tinaipeza ili ndi denga, koma zipinda zake zinali zocheperapo kusiyana ndi mmene zinkaonekera pa zithunzi. Takondwa anatigwadira ngati alendo, ndipo akati mayi ankatanthauza mng'ono wake wa Nambewe. Zinatenga nthawi kuti azilowa m'chipinda chathu osagogoda kawiri. Ku nyuzipepala ndinapeza anyamata osadziwa dzina langa, ndiye ndinatsegula kashopu kosindikiza ndi kujambula mapepala. Abale ena anakhumudwa kuti tabwera opanda galimoto. Nambewe anapeza ntchito pa chipatala china m'tauni. Makina aja kulibe, ndipo odwala sitiroko ambiri amafika patapita masiku, atayamba kaye adutsira kwina. Za mafunde aja ndinkawerengabe ndikapeza mpata. Pamene ndinalekera, akatswiri anali akadakambirana ngati amathandizadi.

Banja silitha milandu. Patapita nthawi tinasemphana pa za sukulu ya Takondwa. Ine ndinkafuna apite kogonera konko, mayi wake anati anamusiya kale kamodzi, samusiyanso. Zinafika pophika mosiyana. Ndinakwera basi kupita ku Dedza kwa malume enieni a Nambewe, nkhoswe yomwe inalandira nkhuku yamoyo pa chinkhoswe chathu. Anandimvetsera atakhala pa khonde, akusenda nzimbe ndi mpeni.

"Ine ndilankhula naye," anatero. "Koma mwana ameneyu ine sandimva, chiyambire ali wamng'ono. Kodi a ku London aja mwawaimbira?"

Ndinati sindinawaimbire.

"Aimbireni. Musamavutike ndi mabasi."

Pobwerera basi inaima pa Lizulu, anthu akugula mbatata ndi kabichi pa mawindo. Ndinatsika, ndinagula mayunitsi, ndinapita kuseri kwa msika kumene kunalibe phokoso. Foni inaitana pang'ono chabe.

"Alamu," anatero Mbewe. "Achemwali atani?"

Ndinayamba kufotokoza.